Liwiro la Kucheza

1.

Magiya alipo asanu, mayi, anatero a Chigamba, kochi wa anthu othamanga mtunda wautali pa Zomba, atatambasula zala pamaso pa Nachisale.

Loyamba: munthu amathamanga uku akuimba nyimbo ya kwaya.
Lachiwiri: kuimba kwakanika, koma kucheza kukutheka.
Lachitatu: mawu oduka-duka.
Lachinayi: liwu limodzi basi.
Lachisanu: zii.

Pakati pa lachitatu ndi lachinayi pali malire. Ukawadutsa, ntchafu zimayaka moto, mtima umagunda ngati chigayo. Amuna anuwa asayandikeko n'komwe. Akhale m'lachiwiri. Wotchi yoyeza mtima tilibe, ndiye wotchi ndinu. Muziwatsata pa njinga. Mukamacheza, zili bwino. Macheza akaduka, aimitseni.

Kuchezako? anaseka Nachisale. Apo ndiye mwapeza mwini wake.

2.

Malungo.

Anamugwetsa Bizwick, mwamuna wa Nachisale, m'dzinja, munthu woti phiri ankalikwera ngati chulu. Atadzuka, adokotala anamvetsera pachifuwa pake nthawi yaitali, nkhope ili tsinya. Matendawa afooketsa mtima, bambo. Muziuyendetsa pang'onopang'ono. Mukaukakamiza, uima. Mpikisano wa ku Blantyre chaka chino muuiwale.

Bizwick anati chabwino. Msinkhu unali utapita, ndipo ankadziwa kuti chaka chamawa n'cha anyamata. Anati chabwino.

3.

M'mawa, msewu wa ku Jali. Mwamuna pansi, mkazi pa njinga, mkazi ndiye mwini nkhani.

ndikuti bambo a Tamanda mayi Jere aja abweranso dzulo kudzabwereka sefa ngati yoyamba ija anabweza ine n'kuwauza kuti mayi sefatu siimera m'munda iwo n'kuyamba za mwana wawo wa ku Joni kuti watumiza foni koma foni yake yosalira n'komwe angoipachika m'khosi ngati chithumwa

Eya, anatero Bizwick.

ndipo kutchalitchi akuti tonse a kwaya tisoketse zofanana koma nsaluyo mukanaiona inu mtundu wake ngati madzi otsukira mbale ine ndawauza poyera kuti imeneyo ndiye sindivala

Zoona.

Nachisale anapuma pang'ono kuti ameze malovu.

Ndiye?

ndiye amayi busa n'kundiyang'ana diso lija

4.

Musamuseke. Apongozi ake ankati mkazi ameneyu anameza wayilesi, ndipo sankanama. Koma Bizwick anamukondera chomwecho. Iye anali munthu wa phee, wocheka matabwa, woti tsiku lonse pakamwa angotsegula pomwa madzi. Kuyambira pa chibwenzi zinali choncho: mkazi kuyala nkhani, mwamuna kuvomereza. Eya. Zoona. Ndithu. Anthu odutsa pakhonde ankasirira, amvekere koma banja ili limacheza!

Nanga kwathu kuno kucheza n'chiyani? Wina akulankhula, wina akuti eee. Dzuwa mpaka kulowa. Pobalalika onse amati tacheza bwino.

5.

Loweruka lililonse a Chigamba ankadikira pa bwalo la sukulu, chipewa chili m'manja.

Mukucheza, mayi?

Tikucheza, akochi. Kupita ndi kubwera. Mpaka nkhani zimatsala.

Bizwick, ukuumva bwanji mtima?

Bwino.

Ndiye zili bwino. Giya lachiwiri limaoneka la ulesi, koma ndi limene limamanga munthu. Fulumirani anadya gaga.

6.

Njinga inayamba kulemera.

Nachisale anapopa matayala. Anathira mafuta mu tcheni. Anapita nayo kwa makaniko wa pa msika, amvekere mayi njingayi ilibe vuto. Koma m'mawa uliwonse ankapalasa mwamphamvu kuposa dzulo kuti asatsale, chitenje chili nyowe ndi thukuta, ndipo anati kaya ndi ukalamba ukundiyamba.

Zina zimene anaona:
mwamuna kugona masana, chimene sankachita;
mwamuna kukhala pa thabwa kuseri kwa nyumba, dzanja lili pachifuwa;
nsapato zake zoyera za mpikisano zitachapidwa n'kuyanikidwa padenga.

Anafunsa. Nsapatozi bwanji?

Nkhungu.

Anakhulupirira. Mantha analipo, asakunamizeni, makamaka akamuona atagwira pachifuwa. Koma anali atapatsidwa muyeso umodzi, ndipo muyesowo unkati zili bwino. Akucheza.

7.

Tsikulo kunali mitambo. Anadutsa pa chigayo, anadutsa pa mlatho, nkhani inali ya Tamanda, mwana wawo wamkazi

kuti aphunzitsi akuti mutu uli nawo koma pakamwa sipatseka ine ndati ameneyo ndiye watengera ndani kodi

Eya.

musati eya inu mukufuna kunena kuti watengera ine

Ndiye?

ndiye ndamuuza kuti akafuna kukhala nesi aphunzire kumvetsera chifukwa wodwala sanena zonse wina amangoti ndili bwino chonsecho akupita ndipo yunifolomu yake yafupika tikapita kumsika Lachisanu tikamuonere ina kapena tingofutukula mpendero mukuti bwanji inu

Anadikira.

mukuti bwanji bambo a Tamanda

Tcheni chokha, tcheketche, tcheketche.

Anacheuka. Msewu unali mbee. Kutali uko, pafupi ndi mlatho, panali kanthu kofiira m'mphepete mwa msewu, ndipo malaya ofiira anawachapa yekha dzulo lake. Njinga anangoitaya. Anathamanga akukuwa mayo, mayo ine, ndipo mpaka lero chimamuwawa n'chakuti nkhani ya yunifolomu yonse ija ankauza mphepo.

8.

Pa maliro anthu sasowa chonena.

Anamulodza anzake a mpikisano.
Ndi kuthamangako, munthu wamkulu n'kumangothamanga osathamangitsidwa.
Inali nthawi yake.
Mwamwayi mkazi wake anali pompo.

Nachisale anakhala m'nyumba ya siwa pakati pa amayi, mpango uli kumaso. Azakhali ake anamugwedeza phewa. Lira mwanawe, lankhula, usasunge m'mimba. Iye kukamwa gwa. Amayi a kwaya anaimba mpaka mawu kusasa, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwire pamudzipo, liwu lake silinamveke.

9.

A Chigamba anabwera anthu atabalalika, kumeta kutachitika. Anakhala pa mpando wa pakhonde, chipewa pa bondo, maso ofiira. Anapepesa, kenaka anayamba movutika.

Mayi, mundikhululukire, chikundisowetsa tulo. Malemu anabwera kwa ine sabata yomwe ija. Amati ndiwalembetse mpikisano wa ku Blantyre. Ndinakana. Iwo amvekere akochi ndachira, liwiro langa lakale labwerera, ndipo pa liwiro limenelo ndimacheza bwinobwino, kafunseni mayi a Tamanda. Ine ndinadabwa. Liwiro limenelo ngakhale mnyamata wabwinobwino sachezerapo. Ndiye ndimati ndimve kwa inu. Pamsewu paja, ankakamba zotani?

Nachisale anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Nkhani zinabwera zambirimbiri, za mayi Jere, za nsalu, za amayi busa, za Tamanda. Anazitembenuza imodzi imodzi kufunafuna ya mwamuna wake. Zonse zinali zake.

Ankati eya.

Chinanso?

Zoona.

Chinanso, mayi?

Ndikati ndipume, ankati ndiye. Ine n'kupitiriza.

A Chigamba anaweramitsa mutu. Nachisale anayang'ana msewu, misozi ili chuchuchu, ndipo mawu anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana.

Akochi, inetu ndimayesa tikucheza.