Mabuloko Osanduka Nyemba

Tinalipo atatu pakhonde m'mawa umene ndinafotokoza malotowa: ine, mkazi wanga Nabanda, ndi mwana wanga Limbani, uja kompyuta yake imapatsirana mabuloko a ndalama za pa intaneti ndi makompyuta ena. Akuti m'malo mwa mabuloko athunthu, amangotumiza zizindikiro zachidule kuti bandulo isathe, poti anzakewo zambiri ali nazo kale.

Ndinalota ndikuponyera anthu mabuloko a simenti, olemera, otentha. Ali m'malere, akusanduka nyemba. Kenaka ndaimirira paukwati wa mdzukulu wanga. Ndikangoti "Ine," anthu m'manja phwaphwaphwa: "Zotsalazo tili nazo kale!" Lilime langa lafupika ngati chikhadabo. Ine amene ndikayankhula, mudzi wonse umamva!

Ndinakalipa: "Iwe Limbani, zikutanthauzanji zimenezi?"

Iye anati, "Pepani bambo, a komiti ya ukwati ati Loweruka muyankhule mphindi ziwiri zokha."