Muvi umene a Fryson sanaponye

"Kalata iyi muichotse pa firiji, mayi a Olivia. Munthu ukati utenge mkaka, iyo ili tong'o kukuyang'ana ngati wapolisi."

"Mwaiona bwanji? Si inu munaponda mphaka dzulo n'kupepesa thumba la mbatata?" anayankha a Martha akumanga zingwe za nsapato.

Amuna awo, a Fryson, anatsonya. Kalatayo inali yochokera kuchipatala cha maso, ndipo inali yachitatu. Anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo madokotala anati opaleshoni yake ndi yosavuta. Iwo anali atakana kawiri. Tsopano achipatala anangoti akapanda kuimba foni pofika Lolemba, dzina lawo lichotsedwa pamndandanda.

Koma bambo amenewa, makani! Zaka makumi awiri ali ku Glasgow, koma mtima unali udakali wa mlenje wa ku Ntchisi. Ku tchalitchi ankawerenga Masalimo pamtima, Baibulo litatsegulidwa pa Yobu. Pa siteji ya basi ku Shawlands ankaimitsa basi iliyonse n'kumati akungopereka moni kwa dalaivala. A Martha ankadziwa chimene chinali pansi pa makaniwo. Kalekale bambo awo a Fryson anapita kukachitidwa opaleshoni akuona pang'ono, ndipo anabwerako osaona n'komwe. A Fryson ankaopa, ndipo kuvomera zimenezo kunali kowavuta kuposa khungulo.

"Lero mkamwini akutitenga kukaona uta wake uja," anatero a Fryson. "Tipangane. Ndikalasa chandamale pa mtunda umene iye amalasira, kalatayi muing'amba ndi manja anu."

"Nanga mukaphonya?"

"Ine kuphonya? Chabwino, ndikaphonya mudzaimba foniyo."

A Martha anavomera msanga, poganiza kuti munthu wosaona nambala ya basi sangalase kanthu. Sanadziwe mtundu wa uta umene ankanenawo.

Keith, mwamuna wa mwana wawo Olivia, anali Msikoti wofatsa amene ankaotcherera zitsulo za sitima ku Govan. Chichewa chake chinkathera pa "bambo", "mayi" ndi "zikomo kwambiri", koma apongozi ake ankawalemekeza ngati anakulira kumudzi. Anawatenga pagalimoto mpaka kumunda wa mnzake kunja kwa mzinda, kumene kunali udzu wonyowa ndi kamphepo kolowa m'mafupa. Kumeneko anatsegula chikwama chachitali n'kutulutsa chinthucho.

"Uwu ndi uta kapena mfuti?" anafunsa a Fryson akuusisita.

Unali uta wopingasa, womangidwa pamtengo wonga wa mfuti, wokhala ndi kagalasi koonera patali pamwamba pake. Keith anafotokoza m'Chingerezi, nkhope ikuwala. Anati unapangidwira alenje a kunja, koma kuno lamulo sililola kupha nyama ndi uta, ndiye iye amangolasa mapepala. Muvi ukamapita kutali umagwa pang'onopang'ono, n'chifukwa chake m'kagalasimo muli timizere, kalikonse ka mtunda wake. Pa mamita makumi asanu ndi limodzi, anatero, mivi itatu imagwera pamalo osaposa chikhatho.

"Kwathu mtunda umenewo gwape umangomutsanzika," anatero a Fryson. "Ife tinkakwawa mpaka kumumva akutafuna."

Keith anakhazika utawo pakatebulo, pamwamba pa matumba awiri amchenga, naponya mivi itatu. Thi! Thi! Thi! Yonse inakathera pakati pa bwalo lachikasu la pachandamale, yothinana ngati zala. Apa a Martha anazindikira kuti pangano lija analivomera mofulumira.

Ndiye taonani zimene anachita mkamwini wabwinoyu, amene za pangano lija sankazidziwa. Pofuna kuti apongozi ake asachite manyazi, anakoka chingwe, naikamo muvi, nasuzumira m'kagalasi, nakankha matumba aja mpaka utawo unaloza penipeni.

"Bambo, ndalozetsa kale," anatero m'Chingerezi. "Musausunthe. Mungokoka kachitsulo aka basi. Simungaphonye."

A Martha anafuna kukuwa kuti kumeneko n'kubera, koma anadzigwira. Kuwachititsa manyazi amuna awo pamaso pa mkamwini sakanatha. Anangofinya mpango wawo m'manja, mtima ukuwawa, akuona kalata ija itang'ambika kale ndi bambo a Olivia akufufuza khoma ndi ndodo.

A Fryson anavula chipewa n'kuwapatsira akazi awo. Anazula tiudzu n'kutiponya m'mwamba kuti aone kolowera mphepo, monga ankachitira ndi phulusa kuthengo. Kenako anakhala pampando, naika tsaya pamtengo wa uta, natsinzina diso lamanzere. Chala chinafika pakachitsulo kaja.

Anakhala choncho nthawi yaitali. Anasintha diso, natsinzina lamanja. Anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete n'kuyang'ananso. Keith anayang'ana a Martha, a Martha anayang'ana pansi.

Pomaliza chala chija chinachoka. A Fryson anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Mkamwini, chotsamo muviwu."

"Bambo, uli bwinobwino, mungokoka..."

"Ndamva. Chotsamo." Anatembenukira kwa akazi awo n'kulankhula Chichewa, mawu ali pansi. "Sindikuchiona, mayi a Olivia. Ndikungoona utsi. Pali kanthu kachikasu kakuyandama penapake, koma kaya ndi pepala, kaya ndi munthu wavala jekete, sindinganene."

"Koma akuti mukanalasa," anatero a Martha. Iwo eni anadabwa kuti mawuwo atuluka pakamwa pawo.

"Ndikudziwa kuti ndikanalasa. Uta uwu ngwabwino, umalasa wokha." Anasisita mtengo uja ndi chikhatho. "Paja sindinakuuzeni za galu wa atsibweni a Tadeyo. Ndili mnyamata, pa uzimba wanga woyamba, udzu unagwedera ndipo ine ndinaponya. Anali galu wawo. Atsibweni sanandimenye. Anandinyamulitsa galuyo paphewa kuchokera kudambo mpaka kunyumba, ali wofunda. Titafika anandiuza kuti ndisadzaponyenso muvi pa chinthu chimene sindinachione mutu ndi miyendo. Kuyambira tsiku limenelo sindinachitepo. Ndiyambe lero, imvi zili mbuu, chifukwa choopa dokotala?"

A Martha anawayandikira n'kuwaveka chipewa chija, nachikokera m'makutu monga ankachitira ndi Olivia ali wamng'ono. Misozi inali italengeza, koma pakamwa sipanasiye khalidwe lake.

"Abusa mumawanamiza Lamulungu lililonse ndi Masalimo a pa Yobu, koma uta ndiye mwauopa."

"Abusa amakhululuka," anatero a Fryson. Anaseka pang'ono, kenako kuseka kuja kunazima. "Ndikuopa, Martha. Ndikadzuka ngati bambo anga?"

Zaka zambiri zinali zitapita asanawatchule dzina lenileni chonchi. A Martha anawagwira dzanja, lozizira ngati mwala.

"Anthu otere ndimawaona kuntchito kwanga kuchipatala sabata iliyonse, akutuluka akuwerenga zikwangwani mokweza ngati ana a sukulu. Ndidzakhala pakhomo pomwepo. Mukadzatsegula maso mudzayamba kuona ine, ndiye mudzadandaule nokha kuti ndakalamba."

Keith anali ataima chapatali, muvi uli m'manja, osamva kanthu koma ataona kuti pachitika zazikulu. Anafunsa mwamantha ngati walakwitsa penapake. A Fryson anamukodola, natenga muviwo, naupapasa kuyambira kunsonga mpaka kunthenga, n'kumubwezera.

"Uwu usauponye. Undisungire padera," anamuuza m'Chingerezi. "Ndipo ndikadzabwera usadzandilozetserenso. Ndidzalozetsa ndekha."

"Zikomo kwambiri, bambo," anatero Keith, poti Chichewa china analibe.

Lolemba m'mawa a Martha anachotsa kalata ija pa firiji n'kutenga foni. A Fryson anawalanda.

"Muvi sindinaponye, ndiye sindinaphonye. Foniyi simuimba inu," anatero. "Ingondiwerengerani nambalayo, pang'onopang'ono. Ndiimba ndekha."