Kathumba koyera ka Jared

Anastazia wa ku Balaka, wokhala ku Mulhuddart kuno kwa azungu, ndi mayi woti ukamuuza kuti kunja kuli dzuwa, amayamba watulutsa mkono pawindo. Ndiye tsiku limene mwana wake Towera anabwera ndi mwamuna pakhomo, ati uyu ndi Jared Chanda, tikufuna ukwati, mayiyo anayamba kumuona kuchokera kunsapato.

Mnyamata wake wamtali, wa ku Zambia koma wokulira ku Cape Town, pano amakweza zikwama m'ndege ku airport. Mpaka apo zinali bwino. Koma atamufunsa kuti zaka zonsezi ankatani, ati ankaponya mpira, baseball. Zaka twelve, ku America, ku Italy, kenako ku Czech, mpaka chigongono chinaduka mtsempha madokotala n'kuchisoka. Anapinda malaya kuonetsa chipsera.

"Kuponya basi?" anafunsa Anastazia. "Osathamanga nawo, osamenya ndi mwendo?"

"Kuponya chabe, amayi. Wina amaima kutsogolo ndi chibonga, ine ntchito yanga inali yoti aphonye."

"N'kumakulipirani?"

"Eya, amayi."

Anastazia anangoti mhm. Ku Balaka ana amagenda mango tsiku lonse, palibe anawapatsapo visa.

Komanso Towera ameneyu, inu, ndi mtsikana wokana amuna. Anakana wa PhD, anakana mwana wa abusa wokhala ndi galimoto ziwiri. Lero woponya miyalayu akangotsokomola, Towera kuseka mpaka misozi. Anastazia anati ayi, apa pali mankhwala. Achimwene ake a Tarsizio, omwe ndiwo ankhoswe, anali kudikira ku Coolock kuti auzidwe ngati akuchimuna alandiridwe kapena abwezedwe. Anastazia anati ayambe adikira.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi anakwera basi ziwiri mpaka ku paki ya ku Clondalkin, kumene Jared amasewerabe ndi anzake pongodzisangalatsa. Anabisala kuseri kwa ambulera, ngati kuti ambulera ya maluwa ofiira imabisa munthu.

Zimene anaona! Polowa m'bwalo, Jared mzere woyera sauponda, amaudumpha. Akaima pakachulu kake amanong'oneza m'chikopa chovala kumanja. Mnzake wonjuta kutsogolo akamulozera zala, iye amapukusa mutu, kupukusanso, kenako kuvomera, ngati akukambirana ndi mizimu. Ndipo asanaponye amawerama n'kutola kathumba koyera kosokedwa mbali zonse, kukafinya, kautsi fuu, n'kukaponya pansi. Akatero wa chibonga uja amangomenya mphepo.

Anastazia sanadikire kuti masewero athe. Anadutsa pakati pa bwalo ndi nsapato za kutchalitchi, azungu akukuwa, n'kukatola kathumbako ndi mpango kuti kasamukhudze khungu.

"A Chanda, ichi n'chiyani?"

Jared anavula kapusi. "Ndi ufa wa utomoni, amayi. Umaumitsa zala kuti mpira usaterereke. Aliyense woponya amakhala nako."

"Anakusokerani ndani?"

"N'kogula pa internet."

"Ee, masiku ano asing'anga nawonso ali pa internet."

Towera anafika akuthamanga kuchokera pabenchi. "Mum, please! Anthu akukujambulani!"

"Ajambule, ndavala bwino. Tamverani a Chanda. Kathumba aka ndikusunga ine masabata awiri, ndipo musagule kena. Mwana wangayu akakhala akukufunanibe, tidzakambirana."

Jared anayang'ana Towera, anayang'ana kathumba, n'kuti, "Chabwino, amayi."

Kunyumba Anastazia anakawaza madzi odalitsa, kukakulunga m'mapulasitiki atatu, n'kukaika mu freezer pansi pa nkhuku. Masabata awiriwo anali kumuzonda Towera ngati wodwala malungo. M'mawa uliwonse ankamufunsa, "Lero ukumva bwanji? Maso ayamba kutseguka?" Anafika pomuonetsa chithunzi cha Jared pafoni. "Taona makutuwa. Unali utawaona kale makutu amenewa?"

"Ndinawaona, Mum. Ndi anga."

Lamlungu lachiwiri Anastazia anapitanso ku paki, ulendo uno osabisala. Kunali kamvula kowaza kaja ka kuno kosadziwika ngati kakugwa kapena kakungoyendayenda. Jared wopanda kathumba anali chinthu chomvetsa chisoni. Mpira wina unapita kumwamba, wina unagunda wa chibonga m'matako, wina anaumenya mpaka unakagwera agalu kutsidya kwa mpanda. Anamutulutsa masewero ali pakati, atagwira chigongono chake chosokacho.

Anastazia anatembenukira mwana wake msanga kuti aone nkhope. Towera anali atanyamuka kale. Anakavula jekete yake n'kumufunditsa Jared mkono, iye n'kumanyowa, uku akumunena kuti waponya ngati nkhalamba.

Pobwerera m'basi Anastazia anaimbira a Tarsizio.

"Achimwene, anthu aja muwauze abwere Loweruka."

"Ndiye mwapeza kuti si chithumwa?"

"Ndani wanena zimenezo? N'chithumwa chenicheni, ndaona ndi maso angawa. Popanda icho munthuyu sangagende ngakhale khoma. Kungoti n'cha mpira, si cha akazi. Mwana wathuyu wangopusa yekha."

"Tsono mumubwezera kathumba kake?"

"Adzakatenge tsiku la chinkhoswe, pamaso pa anthu. Ndipo mukawafunse bwino a kwawo ngati kalipo kena."