Shirimpu za Tasha Zapita Kumaliro

Tasha anatsegula firiji kachiwiri, nasuntha mabotolo a mkaka, natulutsa ngakhale mbale ya nyemba zadzulo.

"Amama, shirimpu zanga zili kuti?"

Mayi ake, a Rosina, anali akuvula nsapato za kuntchito. "Ndapereka kumaliro a Bambo Bester. A Chalwe anabwera m'mawa kudzatolera ndiwo. Ndawapatsa nkhuku ndi tinthu tako tandevu tija."

Sizinali ndiwo. Kwa miyezi ingapo Tasha ankakwera maboti a asodzi panyanja ya Chesapeake ku America, kutola shirimpu, tinkhanu ta m'nyanja, zomwe kale zinkachuluka kumwera koma tsopano zikukwera kumpoto pamene madzi akufunda. Ankaziika m'timatumba, kathumba kalikonse ka malo akeake. Ankayenera kuziyeza imodziimodzi, kusiyanitsa zazikazi, zazimuna ndi zazing'ono, kuti adziwe ngati zikukhazikika kumeneko kapena zikungodutsa. Firiji ya kuyunivesite itawonongeka, anazibweretsa kunyumba. Zikanaphikidwa, maphunziro ake akanabwerera m'mbuyo chaka chathunthu.

"Ndinakuuzani, Amama! I told you!"

"Unandiuza m'Chingerezi chothamanga, ine ndili pa foni."

A Chalwe sankayankha foni. Mayi ndi mwana anakwera galimoto kuchoka ku Annandale kulowera ku Silver Spring, koma pamsewu waukulu magalimoto ankangokwawa. Tasha ankasintha mzere uku ndi uku, akugogoda chiwongolero ndi zala. A Rosina ankamanga mpango wawo, kuumasula, kuumanganso.

"Ukalowe wekha," anatero. "Chimene wapereka pamaliro sulanda. Kutchalitchi akanditi chiyani ine?"

"Chichewa changa chimathera pa moni, mukudziwa."

"Ndiye ukanene moniyo basi."

Pakhomo la nyumba ya maliro panali mulu wa nsapato. Nyimbo inkamveka kuchipinda. Awiriwo anadutsa abambo amene anakhala pabalaza, nalunjika kukhitchini. Kumeneko anapeza a Chalwe, mayi wa ku Lusaka yemwe ankayang'anira zophika, ataweramira beseni. Timatumba tiwiri anali atatikhuthulira pamodzi. Tina tonse tinali m'sinki, tikuyamba kusungunuka.

"Amake Tasha, ivi vintu vanu baphika bwanji? Vili na ndevu kuchila bamuna banga ba Ferdinand!"

Amayi ena anaseka chapansipansi. Tasha anatambasula dzanja kuti atole timatumbato, koma a Chalwe anamutchinga ndi chipande.

"Iwe mwana, wabwera kulira olo kutenga?"

A Rosina anafotokoza nkhani yonse.

"Vangena kale mu nyumba ya maliro," anatero a Chalwe. "Ine siningapase. Kapempheni kuli bene bake."

Madzi ankadontha kuchokera m'timatumba. Tasha anayang'ana mayi ake. A Rosina anakunga chitenje, namukoka dzanja.

Namfedwa, mkazi wa malemuwo, anakhala pamatiresi pansi, atazunguliridwa ndi amayi a chigwirizano. A Rosina anayenda ndi maondo mpaka pafupi, Tasha akutsatira movutikira. Nyimbo inalekeza pakati.

"Pepani, mayi, ndabwera ndi mawu amanyazi. Zina mwa zomwe ndatumiza m'mawa sizinali zanga. Ndi sukulu ya mwanayu. Ndikupempha mundibwezere."

Kumbuyo wina anatsonya. Namfedwa anayang'ana Tasha ndi maso otupa.

"Sukulu yake yotani yokhala m'firiji?"

"Ndima... ndimaziyeza, Aunt. Kuti tidziwe zikupita kuti."

"Zikupita kuti? Si izi zafika kuno?" Anapukusa mutu, kamwa likuoneka ngati likufuna kumwetulira. "Tenga, mwanawe. Usalephere sukulu chifukwa cha ndiwo. Koma amako atsale. Amene wachotsa ndiwo aphike zina."

Tasha analongedza timatumba tosatsegula tija m'chidebe, nathira ayezi pamwamba. Za m'beseni anaziyang'ana kanthawi. Zinali zitasakanizika, ndipo panalibe njira yodziwira kuti iyi inachokera kuti. Anazisiya.

Atafika pakhomo anacheuka. Mayi ake anali atayamba kale kudula anyezi, ataweramitsa mutu, ndipo amayi awiri amene anaima pambali pawo anali atasendera kutali pang'ono.

"Amama, ndidzakutengeni nthawi yanji?"

"Thamanga, zikusungunuka," anatero a Rosina osadzutsa mutu.