Ndowa za Bambo Furtado

"Ndabwera kudzafunsa za bambo wa zinyalala uja," anatero mayi amene anaima pakhomo.

Lucinda anatsitsa mwana wake Nelia, n'kutsegula chitseko chonse. Bambo ake, Anselmo Furtado, anali ataikidwa m'manda dzana. Pa mabanja onse a m'misewu ya Somerville amene bamboyo ankawatutira zotsala za chakudya kukapatsa nkhumba, palibe ndi mmodzi yemwe anaponda kutchalitchi. Mayi Tierney amenewa ndiwo anali oyamba kufika.

"Lowani, mayi. Amayi ali mkatimu."

"Ayi, ndathamanga. Ndowa yanga yadzaza, mphutsi zikuchita kutulukira pachivundikiro. Ndi kutentha konseku sitikutsegula ndi zenera lomwe. Kodi akudwala?"

"Anamwalira."

"Ogo! Pepani." Mayiwo anayang'ana pansi pang'ono. "Ndiye azibwera ndani?"

Atachoka, Gilberto, mchimwene wake wamkulu wa Lucinda, anaseka chiseko chowawa. Iye ankagulitsa nsapato m'sitolo ina ku Boston, ndipo anzake ankawauza kuti bambo ake ndi mlimi.

"Wamva? Zaka zonsezi, ndi dzina lomwe sakulidziwa. Lole ya bambo ija ndikugulitsa. Wogula ndamupeza kale."

"Ndiye ife tizidya chiyani, achimwene? Bambo Kozlowski a kukhola anena poyera: nkhumba zawo zikagonanso ndi njala mawa, misewu yathu apatsa wina."

"Apatse! Amayi ndiwatenga akakhale kwanga. Iwe lembera mwamuna wako."

"Kunyanja kuli positi? Munthu anakwera sitima mwanayu asanamere mano, mpaka lero zii."

"Ndiye ukufuna uziyenda ndi chindowa paphewa ngati bulu? Munthu wamkazi? Anthu anditi chiyani ine?"

"Mudzawauze kuti ndine mlimi."

Gilberto anamenya tebulo, makapu n'kulira. Amayi awo, a Deolinda, anali akudula buledi. Anaika mpeni pansi, analowa kuchipinda, n'kubwerera ndi makiyi a lole. Gilberto anatambasula dzanja. Iwo anamudutsa ngati mtengo, n'kuika makiyiwo pambali pa mbale ya Lucinda.

"Uzifufuza m'zotsalazo ndi manja, mwanawe," anatero. "Magolovesi samva galasi. Nkhumba imodzi ikameza n'kufa, ntchito yathera pomwepo."

"Amayi, mukutichititsa manyazi," anatero Gilberto.

"Nsapato zoyamba zimene unavala iwe zinatuluka m'ndowa zomwezo. Idya buledi."

M'mawa mwake Lucinda anavala thalauza la bambo ake, n'kulimanga ndi chingwe m'chiuno. Ntchitoyo inalibe zambiri. Kuseri kwa nyumba iliyonse, pafupi ndi khomo la kukhitchini, ndowa inali m'dzenje lake. Umaponda chitsulo, chivundikiro n'kuyasama, fungo n'kukumenya m'maso. Umawerama, kuzula ndowayo, kuisenza mpaka kulole, kukhuthula, kenako kupisa manja mpaka m'zigongono. Makoko a mbatata, mitu ya nsomba, mafuta oundana, zonse zofunda ngati zamoyo. Pofika nyumba yachitatu anali atasanza kale, msana ukuyaka moto.

Kwa Mayi Tierney anapeza botolo losweka, lobisala m'masamba a kabichi. Ngakhale mwana amadziwa kuti magalasi satayidwa m'ndowa ya nkhumba. Lucinda analizindikira litamucheka kale chala.

Zenera linatseguka pang'ono. "Mtsikana iwe, uvundikire bwino! Ndipo uja ankaitsukanso."

"Dzina lawo ndi Bambo Furtado."

"Ndani?"

Lucinda anatsuka ndowayo pampopi, anaibwezera m'dzenje, n'kusiya zidutswa za botolo zija pakhomo penipeni, zili ndi magazi ake.

Kukhola, Bambo Kozlowski anavundula katunduyo ndi ndodo nthawi yaitali. Anayang'ana chala chomangidwa ndi kansalu chija, analavula malovu pambali.

"Mawanso," anatero. "Usachedwe."

Dzuwa linali litapendeka pamene anaimitsa lole kutsogolo kwa nyumba. Galimoto ya Gilberto panalibe. Nelia, yemwe anali pakhonde, anamuona, n'kuthamanga manja ali m'mwamba.

"Amama! Amama!"

Manja a Lucinda anathawira okha kumbuyo. Anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda mpanda.

"Ima pomwepo! Usandikhudze!"

Mwanayo anaima. Pakhomo, a Deolinda anagwira pakamwa.

Lucinda anawadziwa mawu amenewo. Ubwana wake wonse, madzulo aliwonse, bambo ake ankaima pamalo omwewa, manja kumbuyo, nkhope itachita tsinya. Iye ndi Gilberto anakula akunong'onezana kuti bambo sakonda ana, ndipo anawaika m'manda akuganizabe choncho.

Anagwada pang'onopang'ono, manja akadali kumbuyo. Anatambasula khosi mpaka pamene likanafika, n'kuuzira mpweya patsitsi la mwanayo, monga momwe ankachitira bambo ake.