Batani Lokana Kudinika

Farida anadina batani lotumizira fomu pa webusaiti kakhumi konse, koma linangoti duu, lotuwa ngati phulusa. Nthawi inali 12 koloko masana, ndipo eni webusaitiyo, a kampani ina yochapa makapeti, ankabwera 2 koloko kudzaona fomu yawo yoitanitsira ntchito.

Jerome, mkulu wake wa pantchito pa kaofesi kameneka ka ku Fourways ku Joni, anali atamuuza kale mosapsatira: miyezi itatu yoyesedwa ikutha Lachisanu, ndipo kalata yokawonjezerera pemiti adzailemba pokhapokha ntchitoyi ikayenda. Popanda kalatayo, chomwe chinkamudikira Farida ndi basi ya ku Mangochi ndi maso a anthu kumudzi. 

Chomupweteka kwambiri n'chakuti fankishoni, kapulogalamu kolemba zizindikiro za batanilo, anaipanga yekha, ndipo ankainyadira. Unkangoipatsa dzina la chizindikiro ndi yankho lake, iyo n'kulemba zonse ziwiri mu HTML, chilankhulo cha mawebusaiti, osasiyako kanthu. Pa batanili inalemba bwinobwino kuti disabled="false", kutanthauza kuti silotsekedwa. Nanga linkakaniranji? Jerome ankaganiza kuti vuto lili ku seva, kompyuta yosungira webusaitiyo, ndipo anali kalikiliki kufufuza kumeneko.

Farida anatuluka panja kuti asalirire pa anthu. Kuseri kwa ofesi anapeza a Binali, bambo a ku Machinga osamalira maluwa pamalopo, atakhala pa wilibala, chikwama chili pamiyendo.

"Nkhope imeneyo, mwanangu, wafedwa kapena ndi kompyuta yakukana?" anamuseka, koma kuseka kwake kunali kozizira.

Asanayankhe, a Binali anayamba zawo. Anati dzulo dirilo yobowolera ya abwana awo oyang'anira malowo inasowa. Palibe anawafunsa, koma iwo pofuna kudziyeretsa anapita okha kukanena kuti sanaibe.

"Eish, abwana anangomva 'kuba' basi. 'Sindina' uja anapita ndi mphepo. Ukatchula mkango anthu amakwera mumtengo, mwanangu, safunsa ngati uli ndi mano. Ndikanangotseka pakamwa."

Farida anawayang'ana kukamwa kuli yasa, kenako anathamangira m'kati osatsanzika n'komwe. Pulogalamu yotsegulira mawebusaiti nayonso inali ngati abwana aja: ikangoona mawu oti disabled imatseka batani, za false yotsatirayo ilibe nazo ntchito. Fankishoni yake yosabisa kanthu ija ndiyo inali yolongolola.

Anaisintha. Yankho likakhala inde, izilemba dzina lokha. Likakhala ayi, isamatchule dzinalo n'komwe. Atadinanso, batani linabiriwira, fomu n'kupita.

Jerome anatulukira kumbuyo kwake, n'kufunsa ngati seva yadzuka yokha. Mpata wozembera unalipo, ndipo Farida anauona.

"Ayi bwana. Inali fankishoni yanga. Ndaikonza."

Jerome anakoka mpando, n'kuwerenga mizere yatsopanoyo. Pomaliza anangoti Lachisanu abwere ndi pasipoti yake kuti alembe kalata ija, ndipo anapita kukalandira alendo.

Alendo atangochoka, Farida anathamangira kuseri kuja kuti akawauze a Binali zomwe mawu awo amuchitira. Sanawapeze. Mlonda wa pageti anamuuza kuti achotsedwa ntchito, abweza kale yunifomu, akwera takisi yopita ku Bertrams. Farida analibe ngakhale nambala yawo ya foni.