Mpando wa Malemu Uli kwa Wometa

Vuto linayamba ndi zithunzi za pafoni. Injiniya, mwana mmodzi yekhayo wa mayi wina wamasiye, ankagwira ntchito kunja, ndipo ankakonda kutumiza zithunzi za nyumba yake: makoma oyera mbee, khitchini yopanda ndi mwaye womwe, mipando yoti usanakhalepo uyambe wasamba. Make Injiniya ankazikuza ndi zala ziwiri n'kumaziyang'anitsitsa, kenako n'kutembenuka kuona pabalaza pawo. Manyazi ankawagwira ali okhaokha m'nyumba.

Tsono atamva kuti mwanayo akubwera kutchuthi patatha zaka zambiri, tulo tinawathawa. Iwo ankafuna chinthu chimodzi basi: mwana afike, aone kuti kwawo n'koyenera munthu ngati iye, azibwerabwera. Anali atamusowa mpaka chakudya kumawakanika kumeza.

Anayamba ndi makatani. Makatani atsopano ananyoza penti, anaitana wopenta. Penti inanyoza kabati, kabati inatuluka. Katundu watsopano ndi wamiseche, abale inu, akangolowa m'nyumba amayamba kuloza anzake chala. Pomaliza panatsala mpando wa malemu amuna awo, chimpando chachikopa cholowa pakati, mkono umodzi womanga ndi waya. Pafupi ndi sofa yatsopanoyo chinkangooneka ngati mlendo wosaitanidwa.

"Alamu, umenewunso?" anafunsa mng'ono wa malemuyo, amene anabwera kudzathandiza kunyamula.

"Nanga mwana wanga azikhala pa chimenechi? Anzake akachiona pafoni adzati chiyani?"

"Komatu mwanayu anakulira pamenepa."

"Anakula, zinatha. Nyamulani."

Anakaupereka kwa wometa wa patsidya pa msewu. Wometayo anathokoza mpaka kuwomba m'manja, n'kuuika pakona, pambali pa benchi yodikirirapo makasitomala.

Tsiku linafika. Injiniya anatsika m'galimoto, wanenepa, ndevu zili pepepe, ndipo anawakumbatira amake mpaka kuwanyamula. Koma atafika pakhomo anaima. Anayang'ana uku, kuyang'ana uko, kenako anawerama n'kuvula nsapato, zomwe sanachitepo chibadwire m'nyumba imeneyi.

"Iii, amayi, mwakonzatu!"

Make Injiniya anamwetulira mpaka m'makutu. Koma mwana anakhala m'mphepete mwa sofa, mawondo pamodzi ngati wabwera kudzafunsira ntchito. Kapu ya tiyi anangoigwirira m'manja.

"Ika patebulo kapuyo, iwe."

"Ayi, ndingadetse galasi."

Madzulo anafunsa kuti, "Amayi, ndingatsegule zenera?" Ha! Mwana wobala wekha kupempha chilolezo chotsegula zenera lomwe analiswapo ndi mpira. Mayiwo anangoti tsegula, n'kulowa kukhitchini kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

M'mawa mwake Injiniya anati akukametetsa. Dzuwa linakwera, chakudya chinapsa, chinazizira. Make Injiniya anapatula katani pang'ono n'kusuzumira patsidya. Ndi uyo, m'chimpando chija, mwendo umodzi waukoleka pamkono wa waya, akuseka ndi wometa mpaka kupukuta misozi. Kuseka kumeneko iwo anali asanakumve chifikireni mwanayo.

Tsiku lotsatira, chimodzimodzi. Linalo, chimodzimodzinso. Mutu unali mpala kale, nanga ankameta chiyani? Akabwerako ankayamikira chakudya mwaulemu, n'kuyamikiranso makatani, ndipo ulemu umenewo unkawalasa kuposa chipongwe. Mwana sanadandaule ngakhale kamodzi, sanafunsenso kuti mpando wa bambo ake unapezeka bwanji kumeneko. Bola akanakalipa.

Masana a tsiku loti mawa lake anyamuka, mayiwo analephera kupirira. Anatseka chitseko n'kuwoloka msewu, mawu atakonza kale: akauze wometa kuti pepani, mpando uja ndinalakwitsa, ubwerere lero lomwe.

M'kanyumba kometeramo munali phokoso la makina ndi fungo la sipiriti. Amuna angapo anali pabenchi. Pakona paja Injiniya anali mtulo tofa nato, kukamwa yasa, manja atawapinda pamimba, foni yagwera pansi pakati pa tsitsi la anthu. Make Injiniya anaitola, anaipukuta ndi nsonga ya diresi, n'kuimirira pomwepo. Kuti aubweze mpandowo, anayenera kumudzutsa.

Wometa anazimitsa makina. "Mayi, ndimudzutse?"

"Ayi, musiyeni. Kunyumba sagona chonchi."

Amuna aja anasendera, iwo anakhala kumapeto kwa benchi, pamalo poti nkhope ya mwana wawo aziiona bwino. Anthu ankametedwa n'kumatuluka, ena n'kumalowa. Patapita nthawi wometa anakutumula nsalu yake n'kuitana kuti, "Wotsatira!"

Bambo wina amene anali atangofika kumene anawayang'ana mayiwo, poti anawapeza pamzere.

"Pitani inu, bambo," anatero chapansipansi. "Ine sindikufulumira."